Funsani za Kompyuta: Tsamba lathu lapezeka pa adiresi ya eni

Funso: Akonzi, ndimayang'anira tsamba la pa intaneti la gulu lathu, pomwe mamembala amalowa ndi dzina ndi pasiwedi. Membala wina wanditumizira linki ya tsamba lina lofanana ndi lathu ndendende: zithunzi, mitundu, nkhani, zonse. Adiresi yokha ndiyo yasiyana, awonjezerapo chilembo chimodzi. Chimene chandizunguza mutu n'chakuti nditalemba nkhani yatsopano pa tsamba lathu, nthawi yomweyo inaonekanso kumeneko. Kodi ndiye kuti atibera pasiwedi ya seva? *Bambo woyang'anira tsamba la gulu*

Yankho: Mtima pansi, bambo, koma musakhale manja lende. Zimene mwafotokozazi nthawi zambiri sizitanthauza kuti munthu walowa mu seva yanu. Kuoneka msanga kwa nkhani yatsopanoyo kukusonyeza kuti anthuwa sanakopere tsamba lanu ayi. Akanakopera, monga amachitira ndi mapulogalamu ngati HTTrack kapena wget, bwenzi tsamba lawolo litaima pa tsiku lomwe anakoperalo, muli nkhani zakale zokhazokha. Chimene akuikirani ndi reverse proxy, seva yoima pakati pa tsamba lanu ndi alendo ake ngati mkhalapakati.

Munthu amagula adiresi yofanana ndi yanu, n'kubwereka seva, n'kuikapo pulogalamu monga nginx. Mu sevayo saikamo nkhani kapena chithunzi n'chimodzi chomwe. Amangoiuza kuti aliyense akabwera kudzafuna tsamba, iyo ithamangire ku seva yanu kukatenga. Seva yanu imayankha mokhulupirika poganiza kuti ndi mlendo wamba, ndipo proxy isanapereke yankholo kwa mlendo weniweni imayamba yasintha mawu ena. Paliponse pomwe palembedwa adiresi yanu imaikapo yake, n'cholinga choti munthu akadina linki asatulukemo. Mu nginx kusintha kumeneku kumachitika ndi lamulo lotchedwa sub_filter, ndipo ntchito yonse imatha ndi mizere yowerengeka chabe. Ali ngati mthenga wonyamula makalata pakati pa anthu awiri amene panjira amatsegula envulopu iliyonse, kuwerenga, kusintha zomwe wafuna, n'kumatanso. Choopsa chili pamenepa: zonse zimene membala wanu alemba kumeneko, pasiwedi yomwe, zimadutsa m'manja mwa mthengayo zisanafike kwa inu.

Musanachite china chilichonse, tsimikizani kaye, ndipo njira yake siitenga mphindi khumi. Pangani fayilo yaing'ono pa seva yanu, muipatse dzina lomwe munthu wina sangaliganizire, mwachitsanzo nyambo-7kq2x9.txt, ndipo musaiikire linki paliponse. Kenako tsegulani fayiloyo kudzera pa adiresi yabodza ija, osati yanu. Mukatero pitani mu access log ya seva yanu, fayilo yomwe seva imalembamo aliyense wobwera kudzatenga kanthu. Pa nginx lembani `grep nyambo-7kq2x9 /var/log/nginx/access.log`; ngati muli pa Apache ya Debian kapena Ubuntu, fayilo yake ndi /var/log/apache2/access.log. Palibe wina padziko amene akudziwa dzina la fayiloyo, choncho mzere womwe utuluke ndi wa ulendo wanu womwewo, ndipo nambala yoyamba mumzerewo ndi IP (nambala yozindikiritsa makina pa intaneti) ya amene wabwera kudzatenga fayiloyo.

Apa pali zinthu zitatu zomwe mungaone. IP ikakhala yachilendo, makamaka ya kampani yobwereketsa maseva, mwaigwira proxy. Ikakhala ya foni kapena kompyuta yanu yomwe, ndiye kuti palibe mkhalapakati: anthuwo angolozetsa adiresi yawo ku IP ya seva yanu, ndipo seva yanuyo ikuyankha aliyense posatengera dzina lomwe aiitanira. Vuto limeneli ndi lapafupi kukonza. Mu nginx pangani gawo la default_server lokhala ndi `return 444;` kuti seva izidula kulumikizana osayankha kanthu ikaitanidwa ndi dzina lomwe si lake. Fayilo ikapanda kutseguka, mu log mulibenso kanthu, ndiye kuti ndi kope wamba losungidwa kwina.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi ichi. Ngati tsamba lanu lili kuseri kwa Cloudflare, kampani yomwe maseva ake amalandira alendo asanafike pa seva yanu, log imaonetsa IP ya Cloudflare pa mlendo aliyense, ndipo mukaitsekera mwadzitsekera nokha. IP yeniyeni imabwera mu header (kamzere kobisika kobwera ndi pempho lililonse) yotchedwa CF-Connecting-IP, ndiye konzani log yanu kuti izilemba imeneyo. Onjezeraninso $host mu log_format, chifukwa kalembedwe ka log komwe nginx imabwera nako sikasonyeza dzina lomwe mlendo anagwiritsa ntchito pokuitanani.

IP ija mukaipeza, musafulumire kuitseka. Yambani mwaifufuza mu log zonse zomwe muli nazo, zakale zomwe, kuti muone tsiku limene inayamba kubwera, ndiponso ma POST onse (mapempho otumiza zomwe munthu walemba pa fomu) opita ku tsamba lolowera ochokera pa IP imeneyo. Akaunti iliyonse yomwe inalowa kudzera pamenepo muitenge ngati yabedwa: itulutseni paliponse pomwe yalowa, muikakamize kusintha pasiwedi, ndipo mwini wake mumuuze chifukwa chake mosabisa. Yambani ndi maakaunti a oyang'anira. Jambulani tsamba labodzalo adiresi ikuoneka bwino, sungani mizere ya log ija ndi tsiku ndi nthawi yake. Umboni umenewu mudzaufuna pokadandaula, ndipo mukatseka msanga mudzausowa.

Si kalilole aliyense, kutanthauza tsamba loonetsa zanu pa adiresi ina, amene ali ndi cholinga choipa. Adiresi yothera ndi translate.goog ndi Google Translate ikumasulira tsamba lanu, ndipo web.archive.org ndi nkhokwe ya Internet Archive. Koma munthu amene wachita kugula dzina losiyana ndi lanu chilembo chimodzi sanatero mwangozi. Ena amafuna mapasiwedi, ena amalowetsamo malonda awo kapena malinki a juga kuti adyere pa thukuta lanu, ena amasinthanitsa mafayilo omwe anthu amadawuniloda ndi ena okhala ndi vairasi.

Funso: Ine ndinalowa pa tsamba lotere osadziwa. Ndinalemba pasiwedi, nambala yotsimikizira inabwera pa foni monga mwa nthawi zonse, ndinailemba, ndipo ndinalowadi mu akaunti yanga, mauthenga anga onse alimo. Ngati linali labodza, zinatheka bwanji? Ndipo popeza nambala ija imagwira ntchito kamodzi kokha, si ndiye kuti ndine wotetezeka? *Mayi wodandaula*

Yankho: Pepani mayi, koma simuli otetezeka, ndipo chonde chitani zomwe tinene apazi lero lomwe. Munalowadi mu akaunti yanu yeniyeni, chifukwa proxy inatenga pasiwedi yanu n'kukaipereka ku tsamba lenileni. Tsamba lenilenilo ndi lomwe linakutumizirani nambala, inu n'kuipereka kwa mkhalapakati, iye n'kuipititsa nthawi isanathe. Nambala za manambala 6 zochokera mu pulogalamu ya pa foni zimasintha masekondi 30 aliwonse, koma proxy siifuna ngakhale sekondi imodzi yathunthu kuti ipititse.

Chimene akathyaliwa amafuna kwenikweni si nambalayo. Mukalowa bwinobwino, tsamba limapatsa browser yanu kachizindikiro kotchedwa session cookie, komwe kamakuchititsani kuti musamafunsidwenso pasiwedi pa tsamba lililonse lomwe mwatsegula. Kachizindikiroka kamadutsanso mu proxy. Wakuba akakaika mu browser yake, tsamba limamuona ngati inu, osamufunsa pasiwedi kapena nambala, mpaka kachizindikiroko katatha mphamvu, zomwe pa masamba ena zimatenga masabata. Zida zochitira izi zilipo poyera: Evilginx ndi Modlishka zinalembedwa ndi akatswiri oyesa chitetezo, koma mbava nazo zimazigwiritsa ntchito. Mu July 2022 kampani ya Microsoft inalengeza kuti gulu lina linagwiritsa ntchito njira imeneyi polimbana ndi mabungwe oposa 10,000 kuyambira September 2021.

Tsatirani ndondomeko iyi. Lembani nokha adiresi yeniyeni mu browser, osadina linki ya mu uthenga uliwonse. Sinthani pasiwedi. Kenako fufuzani pa gawo la chitetezo pomwe palembedwa zotulutsa akaunti pa zipangizo zonse, mudine pamenepo. Apa ndi pomwe anthu ambiri amaphonya: si masamba onse omwe amapha ma cookie akale munthu akasintha pasiwedi, choncho wakuba akhoza kukhalabe mkati inu mukuganiza kuti mwamutsekera kunja. Mukatero onani ngati imelo ndi nambala ya foni zobwezeretsera akaunti zikadali zanu, ngati sanaonjezerepo chipangizo chawo chotsimikizira, ndiponso, ngati ndi akaunti ya imelo, ngati sanaikemo lamulo lotumiza makalata anu kwina kapena lobisa ena. Pomaliza, paliponse pomwe munagwiritsa ntchito pasiwedi yomweyo, isinthidwe, kuyambira ndi imelo, chifukwa wogwira imelo yanu akhoza kutsegula zina zonse. Dziwitsaninso oyang'anira tsamba lenilenilo, muwapatse linki ija ndi nthawi yomwe munalowa.

Mtsogolo muno, zinthu ziwiri zingakuthandizeni kuposa maso anu. Choyamba ndi pulogalamu yosunga mapasiwedi, ngakhale yomwe ili kale mu browser. Iyo imayang'ana adiresi, osati maonekedwe, ndiye pa tsamba labodza siilemba pasiwedi yokha. Tsiku lomwe yakana kulemba pa tsamba lomwe imalemba masiku onse, imani kaye. Musachite kukopera pasiwedi ndi dzanja kuti muikakamize. Chachiwiri, chomwe ife timachikhulupirira kwambiri, ndi passkey (kiyi wolowera wosungidwa mu foni kapena kompyuta m'malo mwa pasiwedi) kapena kiyi wachitsulo wa mtundu wa FIDO2, kachipangizo kolumikiza ku kompyuta kapena foni polowa. Kiyi ameneyu amamangiriridwa ku adiresi yeniyeni, ndipo browser ikakhala pa adiresi ina sapereka kanthu koti proxy n'kupititsa. Mu 2022 antchito a Cloudflare analandira mauthenga a pa foni owatumiza ku tsamba labodza, atatu mwa iwo analembadi mapasiwedi awo, koma mbavazo zinalephera kulowa chifukwa kampaniyo inkafuna kiyi wachitsulo kwa wantchito aliyense.

Funso: Tinaphunzitsidwa kuti tsamba likakhala ndi kachizindikiro ka loko ndi https ndiye kuti ndi lotetezeka. Nanga labodza limakhala nako bwanji? *Wophunzira wa zamakompyuta*

Yankho: Loko amangotanthauza kuti zokambirana zanu ndi seva ya adiresi imeneyo sizikumvedwa ndi munthu wapanjira. Sanena kuti mwini adiresiyo ndi ndani. Satifiketi yake imaperekedwa kwa aliyense amene waonetsa kuti adiresi ili m'manja mwake, ndipo Let's Encrypt imapereka ulere m'mphindi zochepa, kwa woona mtima ndi wakuba yemwe. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe Google inachotsera chithunzi cha loko mu Chrome mu 2023.

Phunzirani kuwerenga adiresi yokha. Dumphani https://, pitani mpaka pa kamzere kopendekera koyamba, ndipo muwerenge chobwerera m'mbuyo. Dzina lomwe lagundana ndi .com kapena .org ndilo mwini tsamba. Zonse za kumanzere kwake munthu angathe kulemba zomwe wafuna. Choncho gulu.org.lowani-pano.com ndi tsamba la lowani-pano.com, osati la gulu.org. Samalaninso ndi r ndi n zogundana zooneka ngati m, nambala 1 m'malo mwa l, ndi kamzere kowonjezera pakati pa mawu. Palinso zilembo za zinenero zina zofanana ndi zathu: mu 2017 katswiri wina, Xudong Zheng, anaonetsa adiresi yolembedwa ndi zilembo za Cyrillic yomwe inkaoneka ngati apple.com. Ma browser amakono amaonetsa adiresi zokayikitsa zotere m'kalembedwe koyamba ndi xn--, ndipo mukaona zimenezo pa tsamba lomwe mumalidziwa, tulukani. Pa foni adiresi yaitali imadulidwa, ndiye idineni kuti muione yonse musanalembe pasiwedi.

Funso: Ifenso zinatichitikira. Tinatseka IP ya proxy, tsamba labodza linafa, koma patangopita masiku ochepa linadzukanso. Tinatsekanso, labweranso. Tsopano likuoneka pa Google pafupi ndi lathu. Kodi pali njira yothetseratu? *Bambo wosamalira tsamba la bungwe*

Yankho: Kutseka IP imodziimodzi ndi ntchito yosatha, bambo, chifukwa kusintha IP kwa iwo ndi kudina kamodzi. Muyenera kulimbana nawo mbali ziwiri: kuwavutitsa pa seva yanu, ndi kuwachotsera adiresi, yomwe ndi chuma chawo chenicheni.

Pa seva, yang'anani ma IP omwe mwatseka kale, muone ngati onse ndi a kampani imodzi. Lamulo la whois pa IP limakuuzani kampaniyo ndi nambala yake ya ASN, yomwe imaimira netiweki ya kampaniyo. Ngati ndi kampani yobwereketsa maseva, mukhoza kutseka ASN yonse, popeza anthu wamba sawerenga tsamba kuchokera ku data centre. Koma chenjerani: mamembala ogwiritsa ntchito VPN akhoza kutsekeredwa limodzi, ndipo musatseke ma IP a Googlebot kapena Bingbot, mapulogalamu a Google ndi Bing oyendera masamba, mungachoke nokha pa Google. Ngati proxy ikuyenda pa Cloudflare Workers, mapempho ake amakhala ndi header ya CF-Worker yotchula adiresi ya mwini wake, ndipo mungatseke potengera imeneyo.

Pali njira ina yomwe timaikonda kuposa kungotseka. M'malo mokaniza IP ya proxy, ipatseni tsamba limodzi lokha lochenjeza, lonena kuti tsamba lino ndi labodza, musalembepo pasiwedi, lenileni ndi lakuti. Proxy idzanyamula chenjezolo n'kukapereka kwa alendo ake onse. Chimene chimalakwika apa n'chakuti mukalemba adiresi yanu m'malemba wamba, sub_filter idzaisintha kukhala yawo, chenjezo lanu n'kumalozera anthu kwa mbava zomwezo. Ikani adiresiyo m'chithunzi, kapena muilembe motalikitsa zilembo.

Msampha womwewo umagwira amene amaika JavaScript yofufuza location.hostname (adiresi yomwe tsamba latsegulidwira) kuti ibweze mlendo ku tsamba lenileni. Njirayi ndi yabwino, koma adiresi yanu mkati mwa script ilembedwe mobisika, mwachitsanzo mu base64 kapena m'zidutswa zolumikizidwa pa nthawi yomwe script ikuyenda. Apo ayi proxy idzaisintha ndipo script idzaona ngati zonse zili bwino. Wakuba wakhama akhoza kuichotsa script yonseyo, koma ambiri amayendetsa makalilole a masamba ochuluka nthawi imodzi ndipo sakhala pansi kufufuza lanu. Canarytokens ya kampani ya Thinkst ili ndi kachidutswa kaulere kotere komwe kamakutumizirani imelo tsamba lanu likatsegulidwa pa adiresi yachilendo.

Musataye nthawi ndi zomwe sizigwira pa vuto ili. X-Frame-Options ndi frame-ancestors zimaletsa tsamba lanu kuikidwa mu iframe (kazenera ka mkati mwa tsamba lina), koma proxy imangozichotsa panjira. HSTS, yomwe imakakamiza browser kugwiritsa ntchito https, imateteza adiresi yanu yokha, osati yawo. Kuletsa kudina kumanja kwa mbewa kumangokwiyitsa owerenga anu. Ikani rel="canonical" yokhala ndi adiresi yanu yathunthu pa tsamba lililonse, imathandiza Google kudziwa mwini nkhani, ngakhale nayonso proxy yochenjera imaisintha.

Tsopano adiresi. Pitani pa lookup.icann.org, mulembe adiresi yabodzayo. Dzina la mwini kawirikawiri limakhala lobisika, koma mudzaona registrar (kampani yogulitsa maadiresi) amene anaigulitsa, tsiku lomwe inalembetsedwa, ndi imelo yolandirira madandaulo. Kalembedwe ka dandaulo lanu n'kofunika kwambiri. Mukalemba kuti akuba nkhani zanu, registrar adzakuyankhani kuti iye saweruza milandu ya umwini wa zolemba. Koma ngati tsambalo lili ndi polowera ndi pasiwedi, imeneyo ndi phishing, kuba mapasiwedi ndi tsamba labodza, ndipo kuyambira April 2024 mgwirizano wa ICANN, bungwe loyang'anira maadiresi a pa intaneti, umakakamiza ma registrar a maadiresi monga .com, .net ndi .org kuchitapo kanthu msanga akapatsidwa umboni wogwirika. Choncho mutu wa imelo yanu ukhale ndi liwu lakuti phishing ndi adiresi yabodzayo. Mkati mwake ikani adiresi yanu yeniyeni, linki yolunjika ku tsamba lawo lolowera, zithunzi zomwe munajambula, ndi mizere ya log ya fayilo yoyesera yomwe tafotokoza mu yankho loyamba. Lembani mwachidule, osalalata. Amene akuwerenga ali ndi madandaulo ambiri patsogolo pake ndipo amayamba ndi omwe angatsimikize mofulumira. Chenjezo lija mukaliika musanadandaule, iye adzapeza tsamba lochenjeza m'malo mwa polowera, ndiye mufotokozereni kapena mudikire kaye ayang'ane.

Dandaulo lomwelo litumizeninso kwa kampani yomwe yabwereketsa seva, ndi kwa Cloudflare kudzera pa fomu yawo ya abuse ngati adiresiyo ili kuseri kwawo. Kanenezeninso kwa Google Safe Browsing ndi Microsoft SmartScreen. Google ikavomereza, Chrome, Firefox ndi Safari zimaonetsa tsamba lofiira lochenjeza munthu asanalowe, ndipo pamenepo kalilole watha ntchito ngakhale adiresi ikadalipo. Kuti lichoke pa zotsatira za Google, gwiritsani ntchito fomu yawo ya DMCA, lamulo la ku America la 1998 loteteza umwini wa zolemba, mutchule malinki abodzawo limodzilimodzi pamodzi ndi anu enieni.

Ilipo njira yolanda adiresi kudzera mu UDRP, ndondomeko yoweruzira mikangano ya maadiresi yomwe ICANN inakhazikitsa mu 1999, koma imafuna kuti dzina lanu likhale chizindikiro cha malonda chomwe mungaonetse kuti ndi chanu, imatenga pafupifupi miyezi iwiri, ndipo ku WIPO, bungwe limodzi lomwe limaweruza milanduyi, mlandu wa woweruza mmodzi umayambira madola 1,500 a ku America. Kwa gulu laling'ono si poyambira, chifukwa mbava zikhoza kugula dzina lina mawa lake.

N'chifukwa chake muyenera kumayang'anira. Satifiketi iliyonse ya https imalembedwa m'kaundula wapoyera wotchedwa Certificate Transparency, ndipo pa crt.sh mukhoza kufufuza mayina onse okhala ndi dzina la bungwe lanu. Pulogalamu yaulere ya dnstwist imapanga mayina ofanana ndi lanu n'kukuuzani omwe agulidwa kale. Chitani zimenezi kamodzi pa sabata, ndipo oyang'anira onse a tsamba lanu muwaikire passkey kapena kiyi wachitsulo mwezi uno usanathe.